Kwa a malume: za nkhani zimene anthu amamva kuno ku Estonia

Okondedwa a malume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi azakhali ndi ana onse. Kuno kulibe chovuta, ntchito ikuyenda. Uthenga wanu ndinaulandira, uja munafunsa ngati n'zoona zimene zikuzungulira pa WhatsApp, zoti kuno nkhondo yatsala pang'ono kubuka ndiponso kuti anthu olankhula Chirasha akuzunzidwa. Mwati amayi sakugona nazo tulo. Pa foni sindikanatha kulongosola bwino, n'chifukwa chake ndalemba. Chonde mukawawerengere.

Kuno kulibe nkhondo. Nkhondo ili ku Ukraine. Dziko la Estonia lili m'bungwe la NATO, la maiko ogwirizana kutetezana pa nkhondo, ndi la European Union kuyambira 2004. Nkhawa yokha ilipo ndithu, chifukwa Russia ndi woyandikana naye khomo ndi khomo. Mu September 2025 boma la kuno linalengeza kuti ndege zankhondo zitatu za Russia zinalowa mumlengalenga mwa Estonia kwa mphindi 12, Russia n'kukana kuti sizinalowe. Tsiku limenelo anthu awiri okhala mumdadada umodzi anagona akudziwa zinthu ziwiri zosiyana, malinga ndi kumene aliyense anamvera. Vuto lenileni la kuno lagona pamenepo.

Dziko lino ndi laling'ono, anthu ake ndi 1.3 miliyoni ndi kakuti. Mwa anthu anayi kapena asanu alionse, mmodzi ndi wa mtundu wa Chirasha, ndipo mukaonjezapo ochokera ku Ukraine ndi Belarus amene kunyumba amalankhula Chirasha, chiwerengero chimakwererapo. Ambiri makolo awo anabwera nthawi ya Soviet Union kudzagwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi ya kumpoto chakum'mawa. Lero mukawapeza ku Lasnamäe, dera la midadada italiitali muno mu Tallinn, likulu la dziko lino, komanso m'chigawo cha Ida-Viru, m'matauni a Kohtla-Järve, Sillamäe ndi Narva. Ku Narva oposa 90 mwa anthu 100 alionse chiyankhulo chawo ndi Chirasha. Chiestonia ndi Chirasha sizimvana m'pang'ono pomwe, ngakhale zilembo zake n'zosiyana.

Wolankhula Chiestonia savutika kosankha. Pali nyumba youlutsa mawu ya dziko lonse, ERR, imene ndalama zake zimachokera m'thumba la boma ndipo siulutsa malonda. Nthawi ikakwana 9 koloko usiku, pa kanema wa ETV pamabwera nkhani zotchedwa Aktuaalne kaamera, zimene zinayamba kale mu 1956. Palinso nyuzipepala ya Postimees, yomwe mizu yake ndi ya mu 1857, ndi tsamba la pa intaneti la Delfi. Atolankhani a kuno amalemba mosaopa nduna, ndipo mu 2025 bungwe la Reporters Without Borders linaika Estonia pa nambala 2 padziko lonse pa ufulu wa atolankhani.

Kwa olankhula Chirasha zinayenda mwina. Dziko litapezanso ufulu mu 1991, kwa zaka zoposa makumi awiri panalibe kanema wa boma la kuno wa Chirasha chokhachokha. Panali wailesi ya Raadio 4 ndi timapologalamu tochepa pa kanema. Madzulo onse m'nyumba zawo munkalankhula Moscow, likulu la Russia, kudzera pa makanema a RTR Planeta, NTV Mir, ndi PBK imene inkabweretsa mapologalamu a Channel One ya ku Russia. Musaganize kuti anthu ankatsegula makanema amenewa pofuna ndale ayi. Ankafuna masewero, nyimbo, mipikisano ndi mafilimu opangidwa ndi ndalama zambiri, m'chiyankhulo chimene anayamwira. Nkhani zinkalowa pakati pa sewero ndi sewero, munthu osasintha tchanelo. Zikatere chaka ndi chaka, umayamba kuona dziko limene ukukhalamo ndi maso a anthu amene sakhalamo.

Zotsatira zake zinaoneka mu April 2007. Boma linasamutsa chiboliboli cha msilikali wa Soviet kuchichotsa pakati pa mzinda wa Tallinn kupita nacho kumanda a asilikali. Kwa Aestonia ambiri chiboliboli chija chinkawakumbutsa ulamuliro umene unanyamula abale awo pa sitima kukawataya ku Siberia mu 1941 ndi 1949. Kwa olankhula Chirasha ambiri chinali chikumbutso cha agogo awo amene anafa pomenyana ndi Hitler. Onse anali ndi maliro awo enieni. Koma mbali iliyonse inkamva maliro ake okha, ndipo nyumba zoulutsa mawu za ku Russia zinakoleza moto ponena kuti manda akunyozedwa. Kunachitika zipolowe usiku uwiri, masitolo anaswedwa, mnyamata mmodzi anafa, kenako makompyuta a boma, a mabanki ndi a nyuzipepala anasokonezedwa kwa masabata angapo.

Ngakhale zinatero, boma linazengereza. Russia italanda Crimea, dera la dziko la Ukraine, mu 2014 m'pamene anadzidzimuka, ndipo mu September 2015 anatsegula ETV+, kanema wa ERR wa Chirasha. Ine ndimati anachedwa nazo kwambiri. Munthu amene wazolowera tchanelo chimodzi kwa zaka 20 sumusuntha ndi chilengezo, makamaka pamene thumba lako silingafike pa la Moscow.

Nkhondo ya ku Ukraine itakula mu February 2022, bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu, TTJA, linaletsa makanema angapo, kuphatikizapo RTR Planeta, NTV Mir, Rossiya 24 ndi Belarus 24. European Union nayo inaletsa RT ndi Sputnik, nyumba zoulutsa mawu za boma la Russia. Makampani a kanema wa pa waya anawachotsa msanga. Koma chiletso chili ndi mipata, ndipo ndikuuzeni mmene anthu amadutsira. Ku Narva malire ndi mtsinje chabe, tsidya linalo kuli tauni ya Ivangorod, nyumba zake zikuoneka ndi maso. Eriyo wamba pa khonde amagwira kanema wa ku Russia, monga mmene anthu a ku Mchinji amagwirira wailesi za ku Chipata. Ena ali ndi dishi yoloza ku setilaiti ya ku Russia. Ena amagula kabokosi kolumikiza kanema ku intaneti, ena amaika pa foni VPN, pulogalamu yotsegulira masamba oletsedwa. Ndipo ambiri sasowanso kanema, zonse amazipeza pa Telegram ndi YouTube. Lamulo limaletsa kuulutsa, silimanga munthu woonera m'nyumba mwake.

Pa 9 May 2023, tsiku limene Russia imakumbukira kutha kwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, akuluakulu a ku Ivangorod anamanga nsanja ndi sikirini yaikulu m'mbali mwa mtsinje, n'kuilozetsa ku Narva osati kwa anthu awo. Anthu a ku Narva anasonkhana m'mphepete mwa madzi kuonera nyimbo. Kumbuyo kwawo, pa khoma la linga lakale la Hermann, panapachikidwa chinsalu chachikulu cha nkhope ya Putin cholembedwa kuti ndi wopalamula milandu ya nkhondo. Munthu wa ku Narva anaima pakati, uku akuitanidwa, uku akuuzidwa.

Tsono chiletso chinathandiza? Pang'ono. Kafukufuku amene boma limachititsa amasonyeza kuti odalira makanema a ku Russia achepa, ndipo owerenga masamba a Chirasha a ERR, Delfi ndi Postimees achuluka. Koma pali gulu lina limene linangosiya kukhulupirira aliyense. Ukawafunsa amati onse amanama, zoona palibe angazidziwe. Amenewa ndi amene amandidetsa nkhawa kuposa okonda Moscow poyera, chifukwa munthu wotere ngakhale umuonetse umboni sasunthika. Chimene chimawakoka anthu n'chapafupi: mtengo wotenthetsera nyumba nthawi ya chisanu, penshoni, basi, ntchito kumigodi, sukulu ya mwana. Moscow singakuuze zimenezi. Nyuzipepala ya ku Ida-Viru, Põhjarannik, imatuluka m'ziyankhulo zonse ziwiri, ndipo njira imeneyo ndimaiona yanzeru. Atolankhani a Chiestonia nawo ali ndi mlandu wawo: kawirikawiri amakumbukira Narva pokhapokha pakakhala nkhani ya chitetezo, ngati kuti kulibe anthu okwatira, odwala ndi ofuna ntchito.

Za kuzunzidwa, madandaulo enieni alipo. Kuyambira September 2024 sukulu za Chirasha zikusinthidwa kuti ziziphunzitsa m'Chiestonia, kuyambira ku mkaka, kalasi 1 ndi kalasi 4, ndipo aphunzitsi odziwa bwino Chiestonia ndi osowa kum'mawako. Mu 2025 nzika za Russia ndi Belarus zokhala kuno zinachotseredwa ufulu wovota pa chisankho cha makhansala. Pali anthu masauzande ambiri a pasipoti yotuwa, opanda unzika wa dziko lililonse. Izi anthu amatsutsana nazo poyera, pa ETV+ pomwepo. Koma zoti anthu akusakidwa m'misewu chifukwa cholankhula Chirasha n'zabodza. M'basi, m'sitolo ndi kuchipatala Chirasha chimamveka tsiku lililonse.

Ana a sekondale kuno amaphunzira phunziro lokakamiza la maola 35 la mmene nkhani zimapangidwira ndi mmene zimakokera maganizo a munthu. Zina mwa njira zake mungazigwiritse ntchito kumeneko. Kavidiyo kakafika, yambani mwafunsa tsiku ndi malo. Kopanda ziwirizi musakatumize kwa wina. Yang'anani nyengo: kuno chisanu chimagwa kuyambira cha mu November kufika March kapena April, ndiye kavidiyo ka chisanu konenedwa kuti n'ka July n'kakale kapena n'ka kwina. Yang'anani zikwangwani za pamsewu: za kuno zimalembedwa ndi zilembo ngati zathu, ngakhale ku Narva. Kenako auzeni ana atsegule news.err.ee, tsamba la ERR la Chingerezi, laulere, losadya bandulo kwambiri. Dziko lino ndi laling'ono moti chinthu chachikulu sichingachitike osalembedwa pamenepo tsiku lomwelo. Ngati chithunzi chikukayikitsabe, achijambule pa foni n'kuchifufuza ndi Google Lens, imasonyeza kumene chinayamba kuonekera. Zambiri zoopseza zimapezeka kuti ndi za ku Ukraine kapena za masewera olimbitsa asilikali a zaka zapitazo.

Ndalama ya feteleza nditumiza mwezi ukatha, ndipo ndidzaimba Lamlungu madzulo kuti ndilankhule ndi amayi. Mupereke moni kwa agogo, azakhali ndi onse pakhomo.

Ndine mphwanu,
wa ku Tallinn