Makasitomala athu, muona nkhope zatsopano pa shopu

Moni nonse makasitomala athu okondedwa,

Ena mwayamba kale kufunsa kuti kodi anyamata ndi atsikana ali pa kauntalawa ndi ndani, ndiye tati tikufotokozereni bwinobwino. Mwezi wamawa tikutsegula shopu ina yokonzera makompyuta ku Mzuzu, ndipo ya kuno ku Lilongwe ku Old Town tawonjezera anthu. Talemba ntchito achinyamata 5. Atatu achokera m'makoleji a TEVETA, mmodzi ku MUBAS ija tinkaiti Poly, wachisanu ndi mtsikana amene anaphunzirira pa benchi ya achimwene ake yokonzera mafoni, koma mukamuona akuwotcherera timawaya ta pa motherboard (bolodi yaikulu ya m'kati mwa kompyuta) dzanja lake silinjenjemera ngakhale pang'ono.

Chilungamo chake ntchito inatichulukira. Laputopu kukhala pa shelefu masabata awiri osaigwira, uku sukulu ikuyimba kuti netiweki yagwa, uku magetsi azima abwera mwamphamvu ma charger apsa, ndiye anzathu a kumpoto kumachita kutumiza kompyuta pa basi, ena mpaka kuchokera ku Karonga, ikafika sikirini yasweka m'njira. Zimatiwawa kwambiri, mwina kuposa eni ake.

Tsono zisintha motere. Mukabweretsa chinthu muzilandira job card yolembedwa vuto lake ndi tsiku lodzatenga, musachoke opanda kapepalako chonde. Kulipira kuzikhala pa kauntala kapena pa Airtel Money ndi Mpamba ya shopu, osati m'manja mwa amene wakukonzerani. Mtengo wokonzetsera sitinakweze, koma ma sipeya mukudziwa kale, chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 batire ndi sikirini zimangotsatira dola.

Pempho lathu lalikulu ndi ili: musamawakane anawa. Tamva kale ena akuti "ayi ine ndikufuna abwana omwe aja", inde tikumvetsa munatizolowera, komatu nafenso pali munthu amene anayamba kutikhulupirira ndi kompyuta yake tisanadziwike. Chilichonse chimene akonza chizidutsa kaye mwa mmodzi wa ife akuluakulu chisanatuluke, ndipo mafayilo ndi zithunzi zanu palibe wololedwa kutsegula, tawauza mwamphamvu ndipo asayinira.

Pakakhala chimene sichinakusangalatseni musangopita kwina mwakachetechete, tiuzeni pa WhatsApp ya shopu kapena bwerani tidzakambirane. A ku Mzuzu tikuuzani malo enieni tikangomaliza kupenta ndi kuika mashelefu.

Zikomo kwambiri,
Ife a pa shopu yanu ya makompyuta