Kalata ya kachomera kopanda masamba ka ku Malaysia

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi banja lonse. Munafunsa za kachomera ka ku Malaysia kaja, komanso chifukwa chake akatswiri akhala akukasamutsa banja. Nkhani yake ndi iyi.

Dzina lake ndi Thismia sitimeriamiae. Anakapeza ndi Dome Nikong mu 2019 m'nkhalango ya Hulu Nerus, m'chigawo cha Terengganu, ndipo kanalembedwa ngati mtundu watsopano mu 2021 ndi Nikong yemweyo pamodzi ndi Siti-Munirah Mat Yunoh ndi Chris Thorogood wa ku Oxford. Dzinalo ndi lolemekeza mayi ake a Nikong, a Siti Meriam. Kutalika kwake ndi masentimita ochepa chabe, ndipo pamwamba pa duwa pali kachisoti kangati ambulera. Pamalo pomwe kanapezekapo panafukulidwa ndi nguluwe, ndiye kali m'gulu la zomera zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Masamba obiriwira kalibe, choncho sikapanga chakudya ndi dzuwa. Mukudziwa mmene kaufiti amayamwira mizu ya chimanga. Thismia, lomwe ndi dzina la gulu lonse la tizomera totere, amachita mosiyana pang'ono: sagwira mtengo mwachindunji, koma amayamwa ulusi wa bowa wa m'nthaka, ndipo bowayo ndiye amalandira shuga kuchokera ku mizu ya mitengo. N'chifukwa chake kukazula kuti mukakabzale m'chitini n'kukapha. Nthawi yambiri kamakhala pansi, kamangotulukira pakati pa masamba owola pochita maluwa.

Tsono za banja lake, pomwe pali nkhani yeniyeni. Kwa zaka zambiri Thismia ankawerengedwa m'banja la Burmanniaceae, popeza zomera zambiri za m'banjalo nazonso n'zazing'ono, zotuwa, zodalira bowa. Koma kufanana kumeneku kunasocheretsa anthu. Chomera chilichonse chikasiya kudzipangira chakudya chimataya masamba, chimafupika, mbewu zake zimakhala ngati fumbi, kaya chinachokera ku mtundu uti. Katswiri wa zomera Vincent Merckx ndi anzake atayeza DNA, chinthu cha m'thupi la chamoyo chomwe chimasonyeza chibadwa chake, anapeza kuti Thismia ali pafupi ndi Tacca, chomera chobiriwira cha masamba akuluakulu, kusiyana ndi Burmannia, chomera chomwe banja la Burmanniaceae linatengerako dzina. Zonsezi zili m'gulu lalikulu la Dioscoreales, momwenso muli chilazi chathuchi. Ndiye kuti khalidwe lodya kwa bowa linayamba kangapo m'gululi, mosadalirana. Akatswiri ambiri tsopano amagwiritsa ntchito dzina la banja la Thismiaceae, ngakhale kuti ndondomeko yosanja mabanja a zomera ya APG IV ya mu 2016 inamusiyabe Thismia mu Burmanniaceae podikira umboni wina.

Kuchedwako kuli ndi chifukwa. Poyeza ubale wa zomera, nthawi zambiri amayerekeza zidutswa za DNA zokhudza kupanga chakudya ndi dzuwa, monga rbcL. Mwa Thismia zidutswa zimenezi zinawonongeka kapena kusoweratu popeza zilibenso ntchito, ndiye ofufuza anatembenukira ku zina monga 18S ndi atp1. Koma nazonso zimasintha mofulumira kwambiri m'zomera zotere, ndipo kompyuta ikaona mitundu iwiri yomwe yonse yasintha kwambiri, imatha kuiika pamodzi ngati pachibale pomwe si choncho. Vuto lina ndi lakuti bowa uja amakhala m'kati mwa mizu, kotero mukatenga DNA ku muzu mutha kuyeza bowa mukuganiza kuti ndi chomera.

Afrothismia wa kuno ku Africa, yemwe mitundu yake yambiri ili ku Cameroon, ankaikidwanso limodzi ndi Thismia. DNA inasonyeza kuti ndi nthambi payokha, ndipo pambuyo pake Martin Cheek wa ku Kew, malo ofufuzira zomera ku London, ndi anzake anamupatsa banja lakelake, Afrothismiaceae. Mtundu wina, Afrothismia zambesiaca, ndi wa ku Malawi konkuno.

Mukadzakumana ndi kotere m'nkhalango yachinyontho nthawi ya dzinja, yambani mwakajambula kali pomwepo, m'mbali ndi pamwamba, rula ili pambali, ndipo mulembe malowo ndi GPS. Ngati pali kamodzi kokha, kasiyeni. Ngati tilipo tingapo ndipo muli ndi chilolezo, kumbani kamodzi ndi dothi lake chifukwa maonekedwe a mizu amathandiza kusiyanitsa mitundu. Musakapanikize pakati pa manyuzipepala ngati zomera zina, duwalo limaphwanyika n'kuda. Liikeni m'kabotolo ka ethanol wa 70 peresenti, koma mulembe mtundu wake (kaya ndi wofiira, wachikasu kapena wina) musanaliviike chifukwa limasuluka msanga. Kachidutswa ka phesi kapena duwa lina, osati muzu, kaumitseni mu silica gel, timibulu toyamwa chinyontho, tsiku lomwelo kuti DNA isaonongeke.

Mundipatsire moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kumudzi