Filimu ya ku India yandidanitsa ndi alamu anga

Azakhali,

Ndithandizeni nzeru chifukwa kwathu kwavuta, ndipo chala chikuloza ine. Ndine telala kuno ku Ndirande, ndipo monga malume, ndine amene ndikulipirira sukulu mwana wamwamuna wa mlongo wanga. Mnyamatayu ali ndi zaka 17, ali Fomu 3, chaka chamawa akuyenera kulemba MSCE. Koma mtima wake wonse uli pa kuvina, ndipo alamu anga akuti ndinamuononga ndine pomuonetsa filimu ya ku India.

Filimuyo ndi ABCD: Any Body Can Dance, ya mu 2013, imene anaikonza Remo D'Souza. Ndinaipeza kwa anyamata oika mafilimu pa fulashi mumsikamu. Sindibisa, Azakhali, ndimaikonda mpaka lero, ndipo pamenepa ndi pamene pagona vuto langa. Mphunzitsi wa zovina, Vishnu, amene akuseweredwa ndi Prabhu Deva, akukankhidwira kumbali pasukulu yapamwamba ya mnzake Jehangir chifukwa mnzakeyo wabweretsa katswiri wa ku America. Atasowa pogwira, akupeza anyamata ndi atsikana a m'dera la anthu osauka mumzinda wa Mumbai, ongoyendayenda, ogawikana magulu awiri odana, n'kuyamba kuwaphunzitsa. Wina bambo ake sakufuna n'kumva komwe za kuvina. Wina wagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo. Kuthithikana kwa nyumba zawo, phokoso, kusowa kwa ndalama, zonsezo munthu wa ku Ndirande safunika womumasulira.

Chimene chinandigwira mtima si mikangano ya chikondi ayi, imeneyo ili m'filimu iliyonse. Ndi thukuta. Filimuyi imaonetsa kuti kuvina ndi ntchito: kudzuka, kubwereza sitepe imodzi mpaka miyendo kunjenjemera, kukalipiridwa, kumvera mnzako amene dzulo unamenyana naye chifukwa akapanda kukuwakha uthyoka khosi. Ndinakumbukira mmene amisiri anga ankandisomboletsera kolala ya shati, ndisoke, ndisombole, ndisokenso, mpaka igone bwino. Ndinamva pambuyo pake kuti ambiri mwa anawo sanali akatswiri a zisudzo, anali ovina enieni amene anadziwika pa mpikisano wa pa TV wa Dance India Dance, umene Remo yemweyo anali mmodzi mwa oweruza. N'chifukwa chake akayamba kulankhula mumaona kuti ndi alendo pa kamera, koma nyimbo ikangolira thupi limanena zoona. Chakumapeto, gulu la Jehangir litawabera gule amene anakonzekera, iwo akuvina wina wolemekeza Ganesha, mulungu wa Ahindu wa mutu wa njovu. Ine ndi Mkhristu, koma tsitsi linandiima. Mlongo wanga, amene ndi mayi wa Mvano, pamenepo ndi pamene anatuluka m'nyumba n'kunena kuti tikuonera zamafano.

Mwanayo anaonera nane, kenaka anayamba kuonera yekha pa foni. Lero ali ndi kagulu ka anzake, amayeserera pabwalo lina madzulo. Aphunzitsapo masitepe anthu operekeza akwati pa maukwati angapo, ndipo kandalama kamene anapeza anagulira mayi ake chitenje. Samwa, sasuta, ndipo anzakewo ndimawadziwa makolo awo. Ndinapita mwakabisira kukamuona akuvina. Azakhali, mwana amatha. Sindikunena chifukwa ndi magazi anga. Koma lipoti la teremu yatha latsika, makamaka masamu ndi sayansi, ndipo aphunzitsi akuti amasinza m'kalasi.

Ndikamukhazika pansi amandiyankha ndi mbiri ya anthu a m'filimu muja, ndipo amaidziwa kuposa manotsi ake. Akuti Remo D'Souza sanalowepo sukulu ya zovina, anaphunzira poonera mavidiyo a Michael Jackson. Akuti Dharmesh Yelande, mmodzi mwa anyamata aja, bambo ake ankagulitsa tiyi ku Vadodara. Akutinso filimu yachiwiri ya mu 2015 inachokera pa nkhani yeniyeni ya anyamata a ku Nalasopara, kunja kwa Mumbai, ndipo Suresh Mukund, mmodzi mwa iwo, ndi amene anatsogolera gulu la The Kings limene mu 2019 linapambana mpikisano wa World of Dance ku America n'kutenga madola 1 miliyoni. Akamaliza amati, "Malume, si inu munati kuvina ndi ntchito?" Ndinanenadi, ndipo sindinasinthe maganizo.

Chimene ndimalephera kumufotokozera kuti amvetse ndi chakuti India si Malawi. Kumeneko kuli anthu oposa 1.4 biliyoni, mafilimu amapangidwa ku Mumbai, ku Chennai, ku Hyderabad, ndipo ambiri mwa iwo amakhala ndi nyimbo zofuna khamu la ovina. Pali kolowera. Ngakhale Prabhu Deva amene amamutamayo anabadwira m'ntchitoyi, bambo ake anali okonza magule a m'mafilimu. Kuno wovina amadalira ukwati, vidiyo ya woimba amene nayenso akusaka ya sopo, kapena kuvina pa lole yotsatsa malonda. Dzinja likafika maukwati achepa, adya chiyani? Komanso filimu imatsata amene anapambana, sionetsa amene anathyoka bondo ali ndi zaka 25 alibe pepala lililonse.

Alamu anga alibe nthawi yoganiza zonsezi. Iwo akuti foni ilandidwe, kagulu kathe, ndipo akapanda kumva atumizidwe kumudzi akalime. Chondiseketsa n'chakuti alamu omwewa, kwawo ku Nkhata Bay, ndi katswiri wa malipenga. Nyengo ya gule ikafika amavala zoyera zawo, nsapato zopolisha, n'kuvina mpaka fumbi koboo. Ndinawakumbutsa, anandiyankha kuti malipenga ndi chikhalidwe, izi za mwanayu n'zauchimasomaso. Chiyambire tsiku limenelo moni wathu ndi wapakamwa chabe. Mlongo wanga ali pakati, amalira, akuti inu achimwene ndinu mwinimbumba, weruzani.

Kuweruzako ndi kumene kwandikanika. Ndikamuletsa, ndikhala wabodza pamaso pake, ndipo ndikuopa kuti adzayamba kuchita mobisa, kapena kuthawira kwa anzake kumene sitingamuone. Ana a msinkhu uwu ukawatsekera khomo amatulukira pawindo. Ndikamulola, n'kudzalephera MSCE, dzina langa lidzakhala pakamwa pa abale mpaka kumanda. Ndaganizapo zopangana naye kuti azivina Loweruka lokha, ndipo lipoti likatsikanso ndisiye kumuikira kumbuyo. Koma kodi luso limakula ndi tsiku limodzi pa sabata? Nanga si kumunyenga kumeneko, kumupha pang'onopang'ono kwinaku ndikumusekerera?

Panopa wandipempha kuti ndiwasokere yunifomu ya kagulu kawo, akuti pali ukwati waukulu mwezi wamawa ndipo akufuna kuoneka ngati gulu lenileni. Nsalu agula okha ndi ndalama zawo, ili mushopu mwanga, sindinaidule. Alamu akamva kuti ndasoka, ubale watha. Ndikabweza nsaluyo, mwanayo sadzandiuzanso kanthu.

Sukulu ikatsekera tikhala pansi monga banja. Ndikanene chiyani kumeneko, Azakhali? Kodi pali njira yoti mwana agwire pepala lake osataya mphatso imene ndaiona ndi maso anga? Alamu ndiwalankhule bwanji kuti asaone ngati ndikuwalanda mwana chifukwa choti fizi ndimalipira ndine? Ndipo yunifomuyi ndisoke kapena ndisasoke?

Ine malume wothedwa nzeru,
Ndirande, Blantyre