Mankhwala a chithokomiro usawasiye, mwana wanga

Wokondedwa mwana wanga,

Uthenga woti ndiwe woyembekezera tinaulandira ndi nthungululu kuno kumudzi. Koma mawu ako aja, oti ukufuna kuyamba wasiya levothyroxine, mankhwala ako a chithokomiro aja, poopa kupweteka mwana, andisowetsa tulo. Chonde usayerekeze.

Pa zaka zanga za unamwino ndinaona kuti ambiri amadziwa chithokomiro chikatupa pakhosi basi. Chako sichinatupe, chimangogwira ntchito mwaulesi, n'chifukwa chake unkangokhalira kutopa, kumva kuzizira ngakhale mu Okutobala, ndi kudzimbidwa. Kapiritsi kamene umamwa m'mawa kamangobwezera timadzi timene thupi lako likulephera kupanga mokwanira. Ndipo pa masabata 12 oyambirira mwana sapanga take, ubongo wake umakula podalira tako.

Mu 1999 ofufuza a ku Maine, ku America, anapeza kuti ana a amayi omwe anali ndi vutoli osalandira mankhwala ali oyembekezera ankatsalira ndi mapointi 7 pa mayeso a nzeru. Vutoli likalekereredwa limawonjezeranso chiopsezo chopita padera, kuchira masiku asanakwane ndi kuthamanga kwa magazi. Kwa iwe mwini, limakweza mafuta oipa m'magazi, omwe pakapita zaka amavutitsa mtima.

Pita kwa dokotala sabata yomwe ino akakuyeze TSH, kuyeza magazi kosonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Amayi ambiri amawawonjezera mlingo akangoima, ndiye akakuwonjezera usadabwe, komanso usawonjezere wekha. Pa theka loyamba la mimba amayeza pafupifupi masabata 4 aliwonse. Ndikudziwa kuti mzere wa kuchipatala ndi wotopetsa, koma pirira.

China chimene ambiri amaphonya ndi ichi: kusikelo akupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Ndi ofunika, koma ayironi amatchinga levothyroxine kuti asalowe bwino m'thupi. Wachithokomiro uzimwa ukangodzuka, ndi madzi okha, n'kudikira mphindi zosachepera 30 usanamwe tiyi kapena phala. Amagaziwo adikire maola 4, kapena uzingomwa madzulo.

Mchere uzigula wa ayodini, wam'paketi, ndipo uziusunga m'botolo lotseka kutali ndi moto. Apongozi ako akakupatsa mankhwala azitsamba, alandire mwaulemu koma ufunse kaye dokotala. Amuna ako uwawerengere kalatayi kuti azikukumbutsa. Zotsatira za magazi zikatuluka undiimbire.

Ndine mayi ako.