Ophunzitsa ana kunyumba asasandutse pabalaza kalasi

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya makolo achikhristu amene asankha kuphunzitsa okha ana awo aang'ono kunyumba. Ambiri amayamba ndi mtima wabwino, atagwira Deuteronomo 6:6-7, pamene makolo akulamulidwa kuphunzitsa ana mawu a Mulungu pokhala pansi m'nyumba, poyenda m'njira, pogona ndi podzuka. Koma pakangopita miyezi yochepa mupeza mayi atatheratu mphamvu, mwana akulira akangoona kope. Chimene chimawagwetsa si kusowa mabuku ayi. Vuto ndi kumukhazika mwana wa zaka 5 pampando kuyambira m'mawa mpaka masana ngati ali kusekondale.

Kusukulu tsiku limatalika chifukwa mphunzitsi mmodzi akugawa nthawi yake kwa ana ambiri. Kunyumba kholo likuyang'anizana ndi mwana mmodzi kapena awiri, ndiye ola limodzi patsiku ndi lokwanira kwa wa zaka 5 kapena 6, bola ligawidwe. Mphindi 10 za Baibulo ndi pemphero, mphindi 15 za kuwerenga, kenaka atuluke akathamange. Akabwerako, mphindi 15 za masamu ndi mphindi 5 zokha za kulemba, chifukwa tizala ta msinkhu umenewu sitichedwa kutopa. Mphindi zotsalazo kholo limuwerengere nthano. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene anamwalira mu 1923, ankati phunziro la mwana wamng'ono lisamapitirire mphindi 20, ndipo analondola. Lekezani phunziro mwana akanalifuna, mawa abwera yekha.

Pa kuwerenga m'pamene pamawonongeka zambiri. Makolo amakondwa mwana akaimba nyimbo ya malembo kuyambira A mpaka Z, osadziwa kuti kuimba dzina la lembo si kudziwa liwu lake. Yambani ndi malembo a liwu asanu aja: a, e, i, o, u. Akawagwira, onjezani malembo amene liwu lake limakokeka, monga m, n, l ndi s, chifukwa mwana amatha kulitalikitsa "mmm" mpaka kuligwiriza ndi "a" n'kutuluka "ma". Ndi malembo 9 okhawa awerenga kale mawu enieni: mano, malo, sala, nama, mulu. Tsiku limene awerenga yekha mawu oyamba ndi tsiku limene amazindikira kuti zilembo zimayankhula. Malembo awiri atsopano pasabata ndi okwanira. Maphatikizo ovuta monga mba, nda, nkha, ntcha ndi ng'a adikire mpaka osavutawo akhazikika.

Chenjerani ndi mwana wochenjera. Ameneyu amaloweza buku lonse, kapena amayang'ana chithunzi n'kungolota mawu. Kuti mumugwire, lembani mawu omwewo pa tizidutswa ta pepala, sakanizani, mumupatse mosatsata ndondomeko. Akakakamira, bwererani ku maphatikizo popanda kumukalipira. Kusokoneza b ndi d, kapena kulemba 3 chotembenuza, n'zachibadwa mpaka cha m'ma zaka 7. Zikapitirira pamenepo, kapena ngati amayandikiza buku kumaso kwambiri, kapena samva mukamuitana ali chakumbuyo, akapimidwe maso ndi makutu kuchipatala asanapatsidwe dzina la ulesi.

Masamu nawo ali ndi msampha wake. Mwana wotchula manambala mpaka 50 akhoza kulephera kuwerenga timiyala 7. Muikireni timiyala pamzere, aziloza kamodzi pa nambala iliyonse. Akamaliza mufunseni, "Ndiye tilipo tingati?" Akayambiranso kuwerenga kuchokera pa 1, ndiye kuti sanamvetse kuti nambala yomalizayo ndiyo yankho. Musapite ku kuwonkhetsa ndi kuchotsera papepala izi zisanapse. Akhale kaye pa manambala ofika 10, adziwe ndi manja ake kuti 7 ndi 5 kuphatikiza 2, komanso ndi 4 kuphatikiza 3.

Tsono za chikhulupiriro, zimene ndiye chifukwa chenicheni cha ambiri. Vesi limodzi lalifupi pasabata, lobwerezedwa tsiku lililonse, limakhala m'mutu kuposa mavesi asanu othamangitsa. Mukamuwerengera nkhani ya Yosefe kapena ya Zakeyu, musamufunse mafunso a mayeso. Mungoti, "Tandiuza zimene wamva," afotokoze m'mawu ake. Pamenepo mudziwa chimene wamva ndi chimene wapotoza. Ndipo chonde, Baibulo lisakhale chilango. Mwana wolembetsedwa vesi maulendo 20 chifukwa waswa kapu amaphunzira kuti mawu a Mulungu ndi chikoti. Makolo timakonda kutchula Aefeso 6:1, ana mverani akukubalani, koma vesi 4 la mutu womwewo likuletsa atate kukwiyitsa ana awo, ndipo Akolose 3:21 akupereka chifukwa chake: angataye mtima. Kholo lophunzitsa kunyumba ndi mphunzitsi, woweruza ndi mtonthozi nthawi imodzi, ndiye likapsa mtima pa phunziro mwana alibe kothawira. Likaona kuti mawu ayamba kukwera, litseke buku, zipitirire mawa.

Susanna Wesley, mayi wa John ndi Charles Wesley amene anayambitsa chikhristu cha Methodist, ankaphunzitsa ana ake kunyumba ndipo ankayamba kuwaphunzitsa malembo akakwanitsa zaka 5. Chimene ndimatolapo kwambiri n'chakuti ankapatula nthawi sabata iliyonse yocheza ndi mwana aliyense payekha. Pakhomo pa ana angapo, wamkulu amatenga nthawi yonse ya phunziro, wa zaka 2 n'kumasokoneza pofuna kuonedwa. Yambani ndi wamng'onoyo, mphindi 10 ali pamiyendo panu, kenaka mumupatse zoseweretsa zimene zimatuluka nthawi ya phunziro yokha. Kumugwiritsa foni kuti akhale chete si mankhwala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku akuonera foni kapena TV, ndiponso kuti wa zaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13.

Otsutsa kuphunzitsa ana kunyumba amafunsa za anzake a mwana osewera nawo, ndipo funso lawo ndi lomveka. Sande sukulu ya kamodzi pasabata siikwanira. Mwana ayenera kukumana ndi ana ena kangapo pasabata, akanganirane mpira, aluze, apepese, amverenso wamkulu wina amene si mayi ake.

Lamulo nalo lifufuzidwe musanayambe, pakuti limasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany kuphunzitsa ana kunyumba n'koletsedwa, ku United States n'kololedwa m'zigawo zonse 50, pamene ku South Africa kholo liyenera kumulembetsa mwanayo ku boma. Funsani ku ofesi ya zamaphunziro ya kwanuko, ndipo sungani kope lolembamo tsiku, zimene mwaphunzira ndi pamene mwana anavutika, pamodzi ndi zolemba zake za mwezi uliwonse. Tsiku limene adzalowe sukulu, aphunzitsi adzaonera m'menemo kalasi yomuyenera.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ana aang'ono