Dandaulo pa madisiki a seva amene mukuti afa

Kwa Woyang'anira Nthambi Yothandiza Makasitomala,

Bwana,

Ndalemba kalatayi m'malo mwa ofesi yathu pofuna kudandaula za ntchito imene mmisiri wanu anagwira pa seva yomwe tinagula kwa inu, komanso za lipoti lanu lonena kuti madisiki awiri mwa anayi a sevayo afa ndipo tigule atsopano. Lipotilo sitikulivomereza, ndipo ndalama zimene mwatilipiritsa sitipereka, chifukwa madisikiwo ali bwinobwino.

Sevayi munaikonza nokha ndi madisiki anayi a 1TB pa RAID 5 ya Linux, njira yolumikizira madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati disiki imodzi. Motherboard yake (bolodi lalikulu lolumikizirapo zipangizo zonse za sevayo) itawonongeka, mmisiri wanu anaika ina, ndipo atayatsa anapeza kuti disiki imodzi yatuluka mu RAID. M'malo mofufuza chifukwa chake, anasinthanitsa zingwe za SATA n'kuyatsanso, ndipo disiki yachiwiri inatulukanso. Monga mukudziwa, RAID 5 imapirira kusowa kwa disiki imodzi yokha, choncho kuchokera nthawi imeneyo mafayilo athu onse a zachuma ndi a antchito sakutseguka.

Titayeza madisikiwo ndi smartctl, pulogalamu yoonera thanzi la disiki, sitinapeze chizindikiro chilichonse cha kuwonongeka. Lamulo la hdparm -N, limene limasonyeza kukula kumene disiki ikuonetsa ndi kukula kwake kwenikweni, ndi limene linaulula vuto lenileni, pakuti pa madisiki awiri aja linasonyeza 1953523055/1953525168 pamodzi ndi uthenga wakuti HPA ndi yoyatsa, pamene pa awiri enawo manambala onse awiri anali ofanana. Kusiyana kwake ndi ma sector (timagawo ta disiki) 2113, amene angopitirira pang'ono 1MB. Malo amenewa, otchedwa Host Protected Area (HPA), amabisika kumapeto kwa disiki pamene lamulo la SET MAX ADDRESS latumizidwa, ndipo disikiyo imayamba kudzionetsa ngati yaying'ono kusiyana ndi mmene ilili. Pali ma motherboard ena amene amachita zimenezi okha pofuna kusunga kope la BIOS (pulogalamu yoyatsira kompyuta) pa disiki, ndipo tikukhulupirira kuti imene munaikayo ndi ya mtundu umenewu, popeza disiki iliyonse imene inalumikizidwa pa doko loyamba ndi imene inachepa.

Wina angadabwe kuti 1MB ingagwetse bwanji RAID yonse. Pokonza sevayi munasankha superblock (chizindikiro chonena kuti disiki ndi ya RAID iti) ya mtundu wa 0.90, imene imalembedwa kumapeto kwa disiki, ndipo Linux imawerengera malo ake potengera kukula kumene disikiyo yanena. Mapeto akasuntha, mdadm, pulogalamu yoyendetsa RAID pa Linux, imakafufuza pamalo olakwika, siipezapo kanthu, kenako imaiona disikiyo ngati yachilendo. Mukanasankha mtundu wa 1.2, umene umakhala 4KiB kuchokera kumayambiriro, madisikiwo akanazindikirikabe ngati a RAID imeneyi, ngakhale kuti kuchepa kwawo kukanafunikabe kukonzedwa.

Chimene chatikhumudwitsa kwambiri ndi malangizo amene mmisiri wanu anatisiyira, akuti tikagula madisiki atsopano adzapanga RAID ina kuyambira pachiyambi. Kutero n'kutaya mafayilo amene akadalipo pa madisiki amoyo. Munthu wotumidwa ndi kampani yogulitsa maseva amayenera kuyerekezera kukula kwa madisiki asanalembe kuti afa, ndipo kuyezako sikufuna chipangizo chapadera. Titaimba foni ku ofesi yanu n'kufotokoza zimenezi, anatiyankha kuti lipoti la mmisiri silisinthidwa.

Tikupempha kuti mutitumizire katswiri wodziwa RAID ya Linux, ndipo asalembe chilichonse pa madisikiwo asanakopere iliyonse yathunthu pa disiki ina, kuphatikizapo malo obisikawo. Zimenezi n'zotheka poyatsa Linux ndi libata.ignore_hpa=1 pa kompyuta ina. Tikulimbikira pa kukoperaku chifukwa kuchotsa HPA pakokha mwina sikungakwanire: ngati BIOS inalemba kope lake m'malo amenewo, ndiye kuti inafufuta superblock ya madisiki awiriwo pamodzi ndi kachigawo ka mafayilo kakumapeto, ndipo kulumikizanso RAID kudzafuna kudziwa ndondomeko ya madisiki ndi kukula kwa chunk (zidutswa zimene RAID imagawira pa madisiki) monga zinalili poyamba. Kuyesa kulikonse kuchitikire pa makope. Katswiriyo aonenso ndi hdparm --dco-identify ngati pali malire ena otchedwa DCO (Device Configuration Overlay), amene nawonso amatha kuchepetsa disiki mobisa.

Za motherboard, muzimitse mu BIOS mbali yosungira kope pa disiki, apo ayi HPA idzabwereranso sevayo ikadzayaka. Ngati mbaliyo siizimitsika, muichotse motherboard imeneyi n'kuika yoyenera seva, pa ndalama zanu. Tikufunanso kuti lipoti lonena za madisiki akufa lichotsedwe kudzera m'kalata, kuti lisadzasokoneze waranti yathu m'tsogolo.

Sevayo taizimitsa, ndipo madisiki onse anayi tawalemba manambala a madoko amene tinawapezapo. Tikuyembekezera yankho lolembedwa pasanathe masiku 7 kuchokera pamene mwalandira kalatayi, lotchula tsiku limene katswiri wanu adzabwere. Likapanda kufika, tidzapereka madisikiwo kwa akatswiri ena, tidzakutumizirani mtengo wake, ndipo dandaulo lathu tidzalitengera ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Taphatikiza zotsatira za hdparm, smartctl ndi mdadm --examine za disiki iliyonse.

Ine wanu,
Woyang'anira makompyuta pa ofesi yathu