Tisakane kutenga madzi a pamsana, mutu wosapola ukutha abale athu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yathuyi za matenda a mu ubongo otchedwa cryptococcal meningitis, amene anatenga alamu anga chaka chatha, chifukwa ndikaganizira bwino, mantha athu apabanja anathandizira imfayo.

Alamu angawo anamwa ma ARV zaka zingapo, koma atapita kukagwira ntchito kutali anasiya osauza munthu aliyense. Atabwerako anayamba kudandaula mutu, ndipo panado sankaphula kanthu. Pofika sabata yachiwiri ankagona atafunda chitenje kumaso chifukwa kuwala kunkawalasa, m'mawa uliwonse ankasanza, ndipo tsiku lina mlongo wanga atawapatsa kapu ya madzi anatambasulira dzanja pambali pa kapuyo, n'kunena kuti akuona makapu awiri. Malungo anayezedwa kawiri koma sanapezeke. Atayamba kubwebweta, akuluakulu ena anati munthuyu walodzedwa kumene anapitako, choncho masiku ena anatayikira kwa asing'anga.

Titafika nawo kuchipatala, adokotala anapempha kuti atenge madzi a pamsana. Tinakana. Tonse tinali titamvapo kuti wotengedwa madzi amenewa satuluka m'chipatala wamoyo, ndipo ineyo ndi amene ndinatsogolera kukanako. Tinavomera patapita masiku atatu, alamu atasiya kuzindikira anthu. Zotsatira zinaonetsa cryptococcal meningitis, mankhwala anayambidwa, koma nthawi inali itatha kale.

Matendawa amayamba ndi fangasi wotchedwa Cryptococcus, amene amapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame monga nkhunda. Ambirife timamupumira m'mapapo osadwala, koma chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri, makamaka CD4 (chiwerengero cha asilikali a m'thupi) ikafika pansi pa 100, fangasiyu amayenda ndi magazi n'kukakhazikika mu ubongo ndi m'zikopa zoukuta. Sapatsirana pakati pa anthu, choncho wodikirira wodwala alibe chifukwa choopera. Ofufuza anawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 112,000 anamwalira ndi matendawa padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo anali a kuno ku Africa kummwera kwa chipululu cha Sahara.

Chimene sitinkachidziwa, chimenenso ndikufuna owerenga achimve, n'chakuti kutenga madzi a pamsana sikungoyeza chabe, ndi mbali ya mankhwala. Fangasiyu amatseka njira imene madzi ozungulira ubongo amatulukira, madziwo amadzazana m'mutu, ndipo ndiwo amabweretsa mutu woopsa uja, kusanza, kuwonongeka kwa maso ngakhale imfa. Adokotala akalowetsa singano kumunsi kwa msana n'kuchepetsa madziwo, wodwala ena amapeza bwino tsiku lomwelo, ndipo pena amafunika kubwereza masiku angapo. Pabedi loyandikana ndi la alamu panali mnyamata amene anatengedwa madzi katatu; ndinamuona ndi maso anga atakhala tsonga akumwa phala, pamene masiku awiri m'mbuyomo ankangobuula. Mbiri yoipa ya singanoyi inabwera chifukwa chakuti ambiri timavomera wodwala atatsala pang'ono kutsirizika, ndiye akamwalira timaloza chala singano, kuiwala masabata amene tinataya kunyumba.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti dziko lathu lino linathandiza kupeza mankhwala abwino a matendawa. Kale odwala ambiri ankalandira fluconazole yekha, ndipo oposa theka ankamwalira pasanathe miyezi itatu. Kafukufuku wa ACTA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, ndipo anaonetsa kufunika kwa mankhwala a flucytosine. Kenako kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Blantyre ndi Lilongwe komanso ku Botswana, Uganda, Zimbabwe ndi South Africa, anaonetsa mu 2022 kuti diripi imodzi yokha yamphamvu ya liposomal amphotericin B, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imapulumutsa anthu mofanana ndi diripi ya sabata yathunthu, komanso siwononga impso ndi magazi kwambiri. Chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika njira imeneyi patsogolo pa zina zonse. Amalawi anzathu anadzipereka m'kafukufuku ameneyu ali pakati pa moyo ndi imfa, choncho n'kosayenera kuti phindu lake lithere m'zipatala zikuluzikulu zokha.

Ndikupempha Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti mankhwala atatuwa asamasowe m'zipatala za m'maboma, komanso kuti aliyense amene wangopezeka ndi kachilombo ka HIV kapena wabwerera atasiya ma ARV aziyezedwa CD4, ndipo ikapezeka yotsika aziyezedwanso magazi ndi kachipangizo ka CrAg, kamene kamaonetsa fangasiyu mutu usanayambe n'komwe. Wopezeka naye nthawi imeneyo amatha kutetezedwa ndi mapiritsi. Ogwira ntchito m'zipatala nawonso asamakalipire munthu wobwerera atasiya mankhwala, pakuti alamu anga anabisa nkhani yawo chifukwa choopa kuchititsidwa manyazi, ndipo ali nawo anzawo ambiri. Adokotala akamapempha chilolezo chotenga madzi, apatule mphindi zochepa kufotokozera achibale m'chinenero chawo chimene singanoyo ikukachita. Ife tikanamva zimene ndalembazi, sindikukhulupirira kuti tikanakana.

Kwa amene achira, ulendo sutha potuluka m'chipatala. Fluconazole amamwedwabe kwa chaka kapena kupitirira, ndipo ma ARV amayambidwa pakatha masabata 4 mpaka 6 chiyambireni mankhwala a fangasiyu, chifukwa kuwayamba msanga kumatha kutupitsa ubongo. Achibale asaganize kuti adokotala aiwala, ndipo asagule okha kapena kubwereka mankhwala a mnzawo.

Alangizi a zaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo atithandize kufalitsa uthenga wakuti munthu amene ali ndi kachilombo akamva mutu wopitirira masiku angapo, makamaka limodzi ndi kusanza, kuuma khosi kapena kusokonezeka, apite kuchipatala tsiku lomwelo atatenga kabuku kake, ndipo anene zoona ngati anasiya mankhwala.

Ine wowerenga wanu,
ku Balaka